Phikira, lembera, dyera: pomwe hypothesis imasiyanirana ndi theory

Mwezi wathawu mtsikana wina wa chaka chachitatu anandiimitsa pakhonde ndikutuluka m'kalasi, kope lili m'manja, nkhope ili mwee. "Aphunzitsi, ndapeza theory ya pulojekiti yanga," anatero akutsegula kope lija. Kumanzere analemba phikira, gulira, pangira. Kumanja analemba lembera, gonera, sekera. Pansi pake panali chiganizo chimodzi chodulidwa mzere kawiri: vawelo yoyamba ya mneni ikakhala e kapena o, msintho womuchitira umakhala -era, apo ayi umakhala -ira.

Ndinamuyamikira, pakuti anaziona yekha popanda womuuza. Kenaka ndinamuuza kuti chimene walembacho si theory koma hypothesis. Nkhope ija inagwa. "Ndiye kuti ndalakwitsa?" Ayi. "Ndiye kuti ikadali yaing'ono, ikakula idzakhala theory?" Apanso ayi. Mafunso awiri amenewa ndimawamva chaka chilichonse, ndipo ophunzira sindiwaimba nawo mlandu. Mawuwa tinawatunga m'Chingerezi, ndipo tinawatunga ndi matope omwe.

Tamvetserani mmene liwu loti theory limayendera pakamwa pathu. Kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, theory ndi zokhala pa benchi kuloweza zikwangwani, practical ndiye kugwira chiwongolero. Pa bawo munthu akayamba kufotokoza chifukwa chomwe timu yake yagonjera, anzake amamudula kuti, "Aaa, ma theory anuwo tawatopa nawo." Apa theory ndi zongoganiza, zam'mutu, zopanda kolowera. Eni ake Chingerezi amateronso pocheza. Koma mu sayansi liwu lomwelo limaimira chinthu cholemera kuposa zonse zomwe wofufuza angakhale nazo. Vuto limafika pomasulira. Ndinaonapo kapepala ka zaumoyo momwe womasulira anaika mawu oti "akatswiri akuganiza kuti" pa zinthu ziwiri zosiyana kotheratu: pa nkhani yoti tizilombo tosaoneka ndi maso ndito timayambitsa kolera, yomwe yayesedwa zaka zoposa 100, komanso pa funso lina lomwe madokotala anali akulifufuzabe. Mayi wowerenga kapepalako alibe njira yodziwira kuti chimodzi ndi thanthwe, china ndi mchenga. Kwa iye zonse ndi zoganiza, ndipo zoganiza aliyense ali nazo zake.

Tsono tiyeni tibwerere ku kope la mtsikana uja, pakuti njira yonse ya sayansi ilimo, ingofunika kuivundukula.

Anayamba ndi kuona: aneni ena amatenga -ira, ena -era. Anadzifunsa chomwe chimasankha. Anapereka yankho loyembekezera. Yankho limenelo ndiye hypothesis, ndipo chomwe chimalipatsa dzinali si kuchepa kwake kapena kukayikitsa kwake. Ndi chakuti likutiuza zomwe sitiyenera kupeza. Ngati mtsikanayu akunena zoona, m'Chichewa chonse musapezeke mneni woyamba ndi e kapena o wotenga -ira, komanso musapezeke wotenga -era wopanda e kapena o. Waika khosi lake pa chipika. Yerekezani ndi wina wonena kuti aneni amatenga mphatikira yomwe imamveka bwino m'khutu. Ameneyo simungamugwire bodza, chifukwa chilichonse chomwe mungamubweretsere adzati chikumveka bwino. Chiganizo chomwe palibe umboni ungachigwetse sichinalowe n'komwe m'bwalo la sayansi.

Mfundo imeneyi anaikhomerera kwambiri Karl Popper m'buku lake la Logik der Forschung lomwe linatuluka mu 1934. Ine ndimaifotokoza ndi akhwangwala. Munthu wokulira kuno akhoza kunena kuti khwangwala aliyense ali ndi zoyera m'khosi, ndipo akhoza kuwerenga akhwangwala chikwi pa dzala lililonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, onse n'kumuvomereza. Atsike ndege ku London aone khwangwala mmodzi wakuda bii thupi lonse, chiganizo chija chatha pomwepo. Chikwi chija sichinatsimikize, koma mmodzi yekhayu wagwetsa. N'chifukwa chake ndinauza mtsikanayo kuti asiye kudzaza kope ndi aneni omuvomereza. Akafune omutsutsa.

Sitinapite kutali. Tili pakhonde pomwepo ndinaloza chitseko. Tseka, tsekera: zayenda. Nanga tsegula? Anatchula yekha kuti tsegulira, n'kukhala chete. Vawelo yoyamba ndi e, koma mphatikira yabwera ndi i. Tembenuza, tembenuzira. Pepuka, pepukira. Hypothesis yoyamba ija inafera pakhomo, isanakwanitse mphindi zisanu, ndipo imeneyo si imfa yochititsa manyazi. Inafa itatiphunzitsa kanthu. M'mawu onse atatuwa pakati pa e ndi mphatikira pali u. Ndiye mwina wolamula si vawelo yoyamba koma yoyandikana ndi mphatikira. Tinafufuta liwu limodzi, n'kulemba lina. Hypothesis yachiwiri.

Iyi inali yolimbirapo, ndipo inayamba kutipatsa zinthu zomwe sitinaipemphe. Ngati wolamula ndi vawelo yoyandikana nayo, ndiye kuti tikalowetsa a pakati, e ayenera kuthawa. Taonani: sonkha, sonkhetsa, koma sonkhana, sonkhanitsa. Menya, menyetsa, koma menyana, menyanitsa. Mwaonanso kuti tadumphira ku msintho womuchititsa osazindikira, ndipo zikuyendabe chimodzimodzi? Phikitsa, lembetsa. Wochitidwa nawonso: phikidwa, lembedwa. Gulika, oneka. Chiganizo chomwe chinalembedwera mphatikira imodzi chayamba kugwira ntchito pa zinayi. Wofufuza akaona zoterezi mtima umagunda, chifukwa ndi chizindikiro choti wagwira muzu osati tsamba.

Kenaka tinagunda mwala. Kudya, kudyera. Kumwa, kumwera. Kufa, kufera. Kugwa, kugwera. Kuba, kubera. E ameneyu akuchokera kuti? M'tsinde mulibe e, mulibe o. Apa m'pamene ndimaonera wophunzira amene adzakhale wofufuza. Ena amabisa mawu otere, kuwachotsa m'kope ngati sanawamve. Ena amasoka chigamba: "kupatula kudya." Mawa "kupatulanso kumwa." Mkucha "kupatulanso kufa." Hypothesis ya zigamba zokhazokha imasanduka ndandanda wa mawu, siloseranso kanthu. Chigamba chovomerezeka ndi chokhacho chomwe nachonso chingayesedwe. Mtsikanayu anayang'ana mawuwo kanthawi, n'kunena kuti onsewo ndi a phatikizo limodzi, ukachotsa a wakumapeto sutsala ndi vawelo ina iliyonse. Ndiye anawonjezera kuti aneni otere amatenga e. Kodi chigambachi chikulosera chiyani? Chikulosera kuti mneni aliyense wa mtunduwu achita chimodzimodzi, pa misintho yonse inayi. Yesani nokha. Mva: mvera, mvetsa, mveka. Tha: thera, thetsa, theka. Swa: swera, swedwa, sweka. Pha: phera, phetsa, phedwa. Chigamba chagwira.

Koma wina anganene kuti zonsezi ndi mawu akale omwe tinangowaloweza tili ana, palibe dongosolo lililonse m'mutu mwa wolankhula. Imeneyo ndi hypothesis yopikisana nayo, ndipo si yopusa. Tingazisiyanitse bwanji? Tifune malo omwe ziwirizi zikulosera zosiyana. Mawu obwereka ndi malo amodzi. Makolo athu a m'nthawi ya Kalonga sankavota, sankatchaja foni, sankasaina. Komabe lero aliyense amati kuvotera, kupentera, kutchajira, kusainira, ndipo palibe komiti inakhala pansi kugawa mavawelo amenewa. Malo achiwiri ndi okhwima kwambiri: mawu opeka. Jean Berko anachita zimenezi ndi ana olankhula Chingerezi mu 1958, kuwaonetsa chithunzi cha kanyama kopeka kotchedwa wug n'kuwafunsa dzina la tiwiri. Nafenso tingathe. Uzani agogo kuti kuli ntchito yatsopano yotchedwa kuzofa, ndipo muwafunse mmene anganenere ngati akuichitira mdzukulu wawo. Tsiku lina muwafunse za kuzufa. Akati kuzofera ndi kuzufira, sanaloweze, chifukwa mawuwo mwawapeka ndinu dzulo.

Pano mpofunika kusamala, ndipo ndi pomwe mapulojekiti ambiri amaterereka. Musawauze chomwe mukufuna kumva. Musatchule inuyo koyamba kuti "kuzofera eti?" pakuti mwaulemu wawo adzangoti eya. Musafunse anzanu a m'kalasi omwe amva kale nkhaniyi. Sinthasinthani ndondomeko ya mawu, kuti yankho loyamba lisakokere lachiwiri. Ndipo lembani yankho lililonse, ngakhale lokukhumudwitsani. Njira ya sayansi mbali yake yaikulu ndi misampha yomwe wofufuza amadzitchera yekha, podziwa kuti munthu wosavuta kumunamiza pa onse ndi mwini wake ganizolo.

Tinene kuti zonse zayenda, agogo avomereza, a kumsika avomereza. Kodi tsopano yasanduka theory? Ayi ndithu. Yasanduka hypothesis yomwe yapirira mayeso ambiri, ndipo tingayambe kuidalira ngati chinthu chodziwika cha Chichewa. Theory ndi chinthu cha mtundu wina. Chiganizo cha mtsikanayu chikunena zomwe zimachitika. Sichinanene chifukwa chake e ndi o zili gulu limodzi, pomwe i, u ndi a zili kwina. Bwanji osakhala e ndi u?

Ikani dzanja pachibwano mutchule i, e, a motsatizana. Mumva chibwano chikutsika masitepe atatu. Chitaninso ndi u, o, a. Ndiye kuti i ndi u amatchulidwa lilime lili pamwamba, a lili pansi, e ndi o lili pakati. Vawelo ya mphatikira ikutengera msinkhu wa lilime kwa mnzake wapakati yemwe yatsamirana naye. Zimenezi si zathu zokha. M'Chiswahili pika amapereka pikia, soma amapereka somea, leta amapereka letea. Tsono pakufunika kafotokozedwe kotakata konena mmene liwu limodzi lingabwerekere khalidwe kwa linzake, mpaka pati, ndi chomwe chingatchinge njira. Kafotokozedwe kamodzi kotere ndi ka autosegmental phonology, komwe John Goldsmith anakayala mu 1976 potsamira kwambiri zilankhulo za mu Africa. Mfundo yake ndi yakuti makhalidwe a liwu sanamangiriridwe pa lembo limodzilimodzi. Ali ndi mzere wawowawo, ndipo angathe kufalikira ku maliwu oyandikana nawo. Anayambira pa kukwera ndi kutsika kwa mawu, kuja kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Al Mtenje anagwiritsa ntchito kafotokozedwe komweka pa mavawelo a aneni a Chichewa mu 1985. Imeneyo ndiye theory: denga limodzi lofunditsa mavawelo a phikira ndi lembera, kamvekedwe ka mtengo, ndi zinthu zina za m'zilankhulo zomwe mwini wake sanazimvepo. Hypothesis ya mtsikana uja ndi nsichi imodzi pansi pa dengalo. Nsichi ingalimbe chotani, sidzasanduka denga. Koma nsichi zambiri zikathyoka, denga limagwa.

Makwerero omwe kulibe

Ambiri tinaphunzira ku sekondale kuti pali makwerero: hypothesis ikatsimikizika imakhala theory, theory ikatsimikizika imakhala law. Makwerero amenewa kulibe. Law imanena mwachidule dongosolo lomwe laoneka mobwerezabwereza. Theory imafotokoza chifukwa chake. Isaac Newton anapereka mu 1687 masamu onena mphamvu yomwe zinthu ziwiri zimakokerana, koma kafotokozedwe kozama ka chomwe kukokako kuli kanabwera ndi Albert Einstein mu 1915, ndipo mpaka lero kamatchedwa theory. Sikanalephere mayeso okwezedwa pa udindo. Kalibe udindo wina woti kakwereko.

Kwathu ku maphunziro a zilankhulo chitsanzo ndi Grimm's law. Mu 1822 Jacob Grimm, potsatira zomwe Rasmus Rask anaona kale, anaonetsa kuti pomwe Chilatini chili ndi p, zilankhulo za banja la Chijeremani zili ndi f: pater ndi father, piscis ndi fish. Pomwe pali t pamabwera th: tres ndi three. Pomwe pali liwu la k pamabwera h: cornu ndi horn. Sikuti Chingerezi chinachokera ku Chilatini ayi, zonse ziwiri ndi zidzukulu za kholo limodzi. Koma panali mawu ena okana. Chilatini chili ndi t yemweyo mu frater ndi pater, pomwe Chijeremani chili ndi Bruder ndi Vater, maliwu awiri osiyana. Kwa zaka pafupifupi 50 anthu ankangoti ndi zopatuka. Karl Verner, wa ku Denmark, m'zaka za m'ma 1870 anakana kusoka chigamba. Anakayang'ana m'Chisanskriti n'kupeza kuti liwu la mbale limatsindikidwa kumayambiriro pomwe la bambo limatsindikidwa kumapeto, ndipo kusiyana kumeneko kunafotokoza gulu lonse la mawu okana aja. Ndi nkhani ya kudya ndi kumwa yomwe ija, kungoti yakale.

Ndipatuke pang'ono pa liwu loti lamulo, lomwe timamasulira nalo law. Lamulo limachokera ku kulamula, ndipo khutu la Mchewa likamva lamulo limafuna kudziwa wolamulayo. Alipodi malamulo otere m'chilankhulo, ngati aja a kalembedwe omwe ankaika a Chichewa Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972. M'Buku Lopatulika mupeza ndiri ndi ziri, lero timalemba ndili ndi zili. Anthu anagwirizana, ndipo akhoza kugwirizananso zina. Koma la Grimm palibe analilamula, ndipo palibe bungwe lingalisinthe. Wophunzira akasokoneza mitundu iwiriyi amayamba kudzudzula agogo ake kuti akuphwanya lamulo, pomwe agogowo ndiwo umboni womwe lamulolo liyenera kuugonjera.

Nkhani yomwe ndimaikonda pa zonse ndi ya Ferdinand de Saussure, osati Saussure wa m'mabuku a chaka choyamba uja, koma ali mnyamata wa zaka 21 ku Leipzig. Akatswiri ankadziwa kale kuti m'zilankhulo za banja la Indo-European vawelo ya muzu wa liwu imasinthasintha mwadongosolo. M'Chigiriki muzu wotanthauza kusiya umaoneka ngati leip-, loip- ndi lip-. Chingerezi chikadali ndi zotsalira zake mu sing, sang, sung. Koma mizu ina inkakana dongosololi. Inali ndi vawelo yaitali, monga stā- wa kuima ndi dō- wa kupatsa. M'buku lomwe linatuluka kumapeto kwa 1878, lolembedwa chaka cha 1879 pachikuto, Saussure anati mizu imeneyi nayonso poyamba inali ndi e ngati inzake, koma pambuyo pa e panali maliwu ena omwe anasintha mtundu wa vaweloyo, kuitalikitsa, kenaka n'kuzimirira. Maliwu amenewa sanali m'Chigiriki, sanali m'Chilatini, sanali m'Chisanskriti, sanali m'chilankhulo chilichonse chodziwika nthawi imeneyo. Anawapeza ndi kuwerengera kokha, ngati mlenje wonena kuti apa padutsa nyama poona udzu wogona.

Ambiri mwa akuluakulu a nthawiyo sanazilabadire. Hermann Möller wa ku Denmark anazitola, n'kuwonjezera liwu lachitatu, n'kunena kuti anali maliwu a kukhosi. Saussure anamwalira mu 1913 nkhaniyi ili chomwecho. Koma kuyambira 1906 ofukula zakale motsogozedwa ndi Hugo Winckler anali akutulutsa mapale adongo masauzande ku Boğazköy, m'dziko la Turkey, olembedwa m'chilankhulo chomwe palibe ankachimva. Mu 1915 Bedřich Hrozný analengeza kuti wachimasula, ndipo kuti ndi cha banja la Indo-European. Ndicho Chihiti, dzina lomwe linatengedwa m'Baibulo muja timawerenga za Uriya Mhiti. Mu 1927 Jerzy Kuryłowicz wa ku Poland anaonetsa kuti Chihiti chili ndi liwu lolembedwa ḫ m'malo ambiri omwe Saussure ananena kuti munali liwu lotayika. Chilatini chili ndi pāscō, kudyetsa ziweto, Chihiti chili ndi paḫš-, kuteteza. Chilatini chili ndi ante, patsogolo, Chihiti chili ndi ḫant-, mphumi. Nyama ija inatulukira pa udzu wogona, patapita zaka pafupifupi 50.

Lero timati laryngeal theory. Dzinali silinabwere chifukwa choti ganizo limodzi linakhoza mayeso amodzi. Ngakhale 1927 itadutsa panatenga zaka zambiri kuti ambiri avomere. Linabwera chifukwa maliwu atatu aja anayamba kumasula mfundo zambiri zomwe poyamba zinkaoneka zosakhudzana: mavawelo aatali, mavawelo ena oyambirira a m'Chigiriki, maliwu ena a mpweya a m'Chisanskriti. Ndipo onani ichi: limodzi mwa atatuwo, lomwe amalitcha loyamba, silinalembedwe ngakhale m'Chihiti momwemo. Akatswiri amalivomerezabe chifukwa kulichotsa kumagwetsa zambiri zomwe zaima bwino. Mkati mwa theory imeneyi mukadali ma hypothesis omwe anthu akukanganirana, monga katchulidwe kenikeni ka maliwuwo. Theory yamoyo imakhala choncho, denga lili chilili, m'kati anthu akusuntha mipando.

Zomwezi tili nazo pakhomo pathu. Zoti Chichewa, Chiswahili, Chizulu ndi zina mazanamazana zinachokera ku kholo limodzi ndi kafotokozedwe komwe kanamangidwa kuyambira kwa Wilhelm Bleek, yemwe anafalitsa dzina loti Bantu m'buku lake la 1862, ndi Carl Meinhof mu 1899. Kaima pa kufanana kwadongosolo: munthu, mtu, umuntu, mvula, mvua, imvula, mpaka pula wa Atswana yemwe anasanduka dzina la ndalama yawo. Pansi pa denga limeneli panabuka mkangano wa komwe khololo linkakhala. Joseph Greenberg anati ndi kumalire a Nigeria ndi Cameroon, chifukwa kumeneko n'komwe kuli abale apafupi a zilankhulozi komanso kusiyanasiyana kwakukulu. Malcolm Guthrie, yemwe anaika Chichewa m'gulu N pa kagawidwe kake, analoza kum'mwera kwa Congo, chifukwa zilankhulo ngati Chiluba ndi Chibemba zinasunga mizu yakale yambiri. Kwa ife ganizo la Guthrie ndi lokoma m'khutu, poti mbiri ya makolo imati Amaravi anachokera ku Uluba. Koma ulendo wa Amaravi ndi wa posachedwa kwambiri pouyerekeza ndi zaka masauzande zomwe zikukambidwa apa, ndipo kukoma m'khutu si umboni. Ganizo la Greenberg ndilo linapirira. La Guthrie linagwa, koma theory ya ubale wa zilankhulozi sinagwedezeke n'komwe, ndipo manambala ake a magulu tikuwagwiritsabe ntchito.

Nanga m'Chichewa tiziti chiyani?

Funso ili ndi lomwe linandikhazika pansi kulemba. Ganizo ndi lingaliro ndi mawu omwe omasulira amathamangira, ndipo amawaika pa hypothesis ndi theory pomwe mosasiyanitsa. Pa hypothesis sali kutali, koma paokha ndi opepuka: ganizo ndingakhale nalo ndili gone, osafuna kuti wina aliyese. Kupenekera ndiye kwapepukiratu, ndi kwa munthu woponya mwala mumdima. Pa theory ndaonapo chiphunzitso, makamaka m'mabuku a chipembedzo akamakamba za chisinthiko cha zamoyo. Liwuli ndimalikana. Chiphunzitso umachilandira kwa mphunzitsi n'kuchikhulupirira kapena kuchikana, ndipo kuliika pa theory ndi kuweruza mlandu usanazengedwe. Mfundo ndi liwu labwino koma lasenza katundu wambiri: mfundo za chipani, mfundo za pamsonkhano, mfundo ya chingwe. Nthanthi imakokera ku nzeru zakuya za anthu oganiza, zomwe siziyembekezera kuyesedwa.

Ine m'kalasi ndimati ganizo loti liyesedwe ndikamanena hypothesis, ndipo kafotokozedwe koyesedwa ndikamanena theory. Sindikunena kuti ndi mawu okongola, ndi aatali ndithu. Koma ali ndi zabwino ziwiri. Choyamba, onse ali ndi kuyesa m'kati, kwina kukudikira, kwina kwachitika kale ndipo kukupitirira. Ndinapewa dala kunena kuti kotsimikizika, pakuti theory simatsekedwa ndi chidindo. Dzina la malungo m'Chingerezi, malaria, linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa, ndipo ndi manda a kafotokozedwe komwe madokotala anakadalira zaka mazana, mpaka Alphonse Laveran ataona kachilombo m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880, ndi Ronald Ross atakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Chachiwiri, kapangidwe ka liwu ka ka- ndi -idwe kapena -edwe kamanena kale za dongosolo lathunthu osati chinthu chimodzi. Kalembedwe si lembo limodzi. Kaphunzitsidwe si phunziro limodzi. Kadyedwe si mbamu imodzi ya nsima. Choncho khutu likamva kafotokozedwe limayembekezera chinthu chotakata kuposa ganizo, ndipo n'chimene tikufuna.

Mnzanga wina wophunzitsa sayansi ku sekondale ananditsutsa kuti ana adzakalemba mayeso m'Chingerezi, ndiye kuli bwino angozolowera hypothesis ndi theory momwemo. Pa mayeso akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake m'nkhani ino mawu a Chingereziwo sindinawabise. Koma wailesi, kapepala ka kuchipatala ndi mlangizi wa zaulimi salankhula ndi olemba mayeso. Kumeneko mawu obwerekawo amafika atavala kale tanthauzo la pa bawo lija.

Mtsikana uja anabweranso sabata yatha. Pamwamba pa tsamba anafufuta theory n'kulemba hypothesis yachitatu, ndipo pansi pake pali mizere itatu m'malo mwa umodzi: vawelo yoyandikana ndi mphatikira, za a wotchinga njira, ndi za aneni a phatikizo limodzi. Wakonza aneni opeka 20, theka a e ndi o, theka a i, u ndi a, ndipo wawasakaniza. Pa tchuthi akupita nawo kwawo ku Dedza, komwe akufuna kufunsa anthu achikulire omwe sanapite patali ndi sukulu, kenaka adzafunse achinyamata a m'tauni kuti aone ngati mayankho asiyane. Ndinamufunsa chomwe adzachite wina akadzati kuzofira. Anati adzalemba momwemo, n'kufunsanso wina.